Telala wa pakhonde ku Down Shops ndi zovala za Khirisimasi za ana atatu

Loweruka masana pa 23 Novembala 2024, nditangoweruka kuntchito, ndinatsikira ku Down Shops, dera la masitolo m'tauni ya Chipata kum'mawa kwa Zambia, nditabereka mzime wathu wa chaka chimodzi ndi theka, dzanja lamanja litagwira mnyamata wa zaka zinayi, pamene wachisamba, mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu, ankatsogola atakumbatira chitenje cha mayadi 6 chimene ndinagula dzulo lake. Tinkafuna telala woti asokere anawa zovala zofanana za Khirisimasi, chifukwa amayi anga, amene amakhala kumudzi cha ku Chadiza, anali atanena kuyambira nthawi yokolola kuti chaka chimenecho akufuna kukalowa m'tchalitchi adzukulu awo atavala nsalu imodzi. Amene anandilozera kwa a telala amenewa ndi mayi wina wa m'chigwirizano cha amayi kumpingo kwathu. Dzina la a telalawo sindilitchula, popeza pali zina zimene ndidandaule m'munsimu, ndipo iwo sali pano kuti adziyankhire.

Kuti chiweruzo changa chimveke, ndiyambe ndafotokoza mmene miyezi ya Novembala ndi Disembala imakhalira pakhomo pathu. Ndimagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mbewu ndi feteleza, ndipo mvula yoyamba ikangogwa, alimi a ku Chipangali, ku Kasenengwa ndi ku Vubwi amafika sitolo isanatsegulidwe, ena kudzagula mbewu ya chimanga ndi ya mtedza, ena D Compound wothira podzala, ndipo pakapita masabata angapo onsewo amabweranso kudzafuna urea wobereketsa. Masiku amenewo nkhomaliro ndimadya choimirira. Bambo a anawa amagwira ntchito mkati mwa sabata, ndipo Loweruka lililonse amalawirira kumunda kwathu, chifukwa udzu wa Disembala sudikira kuti munthu apume. Sukulu zikatsekera, ana atatuwa amatsala ndi mwana wa akulu anga, mtsikana wa giredi 10, amene amayesetsa ndithu koma nayenso ndi mwana. M'nyumba yotere, ola limodzi lopita kwa telala limachita kudulidwa pa nthawi yochapa, yophika ndiwo za mawa, kapena ya tulo. Choncho poyeza ntchito ya a telalawa ndikuwerengera misoko ndi ulusi, pamodzi ndi maola amene anandidyera.

Ndisanaganize zosoketsa ndinayamba ndazungulira pa salaula, zovala zija zimene anzathu a kutsidya kwa Mwami amazitcha kaunjika. Pamsika wa Kapata ndi pa Saturday Market munthu woleza mtima amapeza diresi la mwana labwino pamtengo wochepa, ndipo zovala zambiri zimene ana anga amasewera nazo zinachokera kumeneko. Koma kupeza zovala zitatu zogwirizana, za misinkhu itatu, pamulu wa salaula ndi ntchito ya tsiku lathunthu, ndipo tsiku loterolo ndinalibe. Zatsopano za m'masitolo nazo ndinaziyang'ana. Zinali zonyezimira ndi zokoma m'maso, koma ukatembenuza mkati umapeza msoko umodzi wa ulusi wotalikirana, woti mwana akangokwera kamodzi mumtengo wa mango umatseguka. Chitenje chimene ndinagulacho chinali chochokera kunja, monga zilili zitenje zambiri m'masitolo masiku ano, ndipo zimandimvetsa chisoni kuti thonje timalima konkuno kum'mawa, n'kulichotsa njere ku Chipata ndi ku Katete, koma fakitale ya Mulungushi Textiles ku Kabwe itaima mu 2007 tinangotsala odalira nsalu za eni ake.

A telalawa amagwirira ntchito pakhonde la sitolo ya nsalu, m'dera limene amalonda achimwenye anakhazikika tauni ino ikadali kutchedwa Fort Jameson. Pakhondepo pali makina akuda a Butterfly opalasa ndi mapazi, tebulo lodulirapo nsalu, benchi yokwana anthu atatu ndi nsimbi ya makala. Mkati mwa sitolo, pakona, muli makina a overlock oyendera magetsi, otchinga m'mphepete mwa nsalu kuti ulusi usamasuke, amene amasokera mwana wa mlongo wawo, mtsikana wofatsa amene ndiyenso amakonza mabowo a mabatani ndi kuika mazipi. Iwo ndi bambo achikulire, tepi yoyezera siichoka m'khosi, ndipo magalasi awo ndi omangirira ndi ulusi wakuda. Chikwangwani palibe, risiti salemba. Zonse za makasitomala zili m'kope la sukulu, mmene tsamba lililonse lili ndi kachidutswa ka nsalu kobayidwa ndi phini, ndipo pansi pake pali manambala olembedwa ndi pensulo.

Chimene chinandikopa tsiku loyambalo ndi mmene anayezera ana. Kholo lililonse likudziwa kuti mwana wa zaka zinayi saima malo amodzi, ndipo wathuyu ndi wosakhazikika kuposa anzake. Atangoona tepi anathawira kuseri kwa tebulo poganiza kuti tabwera naye ku jekeseni. A telala sanamuthamangitse, ndiponso sanandiuze kuti ndimugwire. Anatola choko cha buluu, n'kujambula mzere pasimenti, nati, "Abambo, taimani apa mundigwirireko nsalu iyi ingagwe pansi." Mwanayo, pomva kuti wapatsidwa udindo ndiponso watchedwa abambo, anaima njo atatambasula manja, ndipo m'kanthawi komweko tepi inadutsa paphewa, m'chifuwa, m'chiuno ndi m'ntchafu, manambala akunenedwa chapansipansi kwa mtsikana uja amene ankalemba. Sipanathe mphindi ziwiri. Mzime sanafune n'komwe kuti ndimutsitse kumsana, chifukwa anali atagona. Anandifunsa ngati ndinali ndi chovala chake china m'chikwama, ndipo anayeza kadiresi kosinthira kamene ndimayenda nako, atandifunsa kaye ngati kamamukwana bwino m'khosi ndi m'khwapa.

Wachisamba ndiye anamulankhula ngati munthu wamkulu. Mtsikanayu anali ataona pafoni yanga diresi lokhala ndi mchira wautali kumbuyo, ndipo ankafuna lomwelo basi. A telala anayang'anitsitsa chithunzicho, kenako anamuuza mosabisa kuti nsalu ya pachithunzipo ndi yofewa, yogwa yokha, pamene chitenje ndi cholimba, ndipo akachisoka mwa njira imeneyo chidzangoima ngati ambulera. Anawonjezera kuti kumudzi m'Disembala mchira woterowo udzasesa matope kuchokera pakhomo mpaka kutchalitchi. Anamujambulira papepala diresi lina losavuta, lotaya m'munsi, lokhala ndi lamba womanga kumbuyo, ndipo mwanayo anavomera yekha popanda ine kuikapo mawu. Ndaonapo matelala amene amavomera chithunzi chilichonse kuti ndalama isawadutse, n'kudzakupatsa chinthu chosafanana ndi chithunzicho komanso chosakwana mwini wake. Bambowa amadziwa pamene nsalu ndi luso lawo zimalekezera, ndipo amanena. Tsoka lake n'lakuti kukana kotereku amakudziwa pa masitayilo pokha, pakuti pa nkhani ya masiku, monga ndifotokozere, pakamwa pawo sipatuluka mawu okana.

Tisanachoke anafunsa ngati nsaluyo ndinaichapa. Sindinaichape, ndipo zimenezo sizinandibwerere n'komwe m'maganizo. Ananyowetsa ngodya yake ndi madzi a m'botolo, naipaka pa kansalu koyera, ndipo kansaluko kanasanduka kofiirira. Anandifotokozera kuti chitenje chatsopano chimakhala ndi sitachi ndi utoto wotsalira, ndipo cha thonje chimabwerera pang'ono chikalowa m'madzi koyamba, kotero kuti ukachidula chisanachapidwe, malaya amene anakwana pa Khirisimasi amakhala atathina pofika Chaka Chatsopano. Anati ndikachiviike m'madzi ozizira othira mchere pang'ono, ndichiyanike pamthunzi, ndibwere nacho Lolemba. Ndinabwerera kunyumba nditanyamula nsalu yomwe ija, ana atatopa, mtima ukunyinyirika, ndipo mvula ya tsiku lotsatira inachititsa kuti mayadi 6 aja ndiwayanike pachingwe m'chipinda chochezera, mnyamata n'kuwasandutsa nyumba yake yosewereramo. Pa ichi sindingawadzudzule. Kulakwa kunali kwanga, ndipo akanakhala wina akanangolandira nsaluyo n'kundisiya kuti ndikazionere ndekha.

Mtengo tinagwirizana Lolemba lija, nditazemba kuntchito nthawi ya nkhomaliro. Diresi la wamkulu anati K150, malaya ndi kabudula wa mnyamata K160, kadiresi ka mzime K100, ndipo ulusi, zipi, mabatani, lasitiki ndi nsalu yoyera ya mkati zinali kwa iwo. Sindinanenerere, chifukwa ndinali nditafunsa kale kwa matelala ena awiri, mmodzi wotsikirapo pang'ono ndi wina wokwererapo. Ndinapereka theka kudzera pafoni, iwo analemba m'kope pansi pa kachidutswa ka nsalu yathu, kenako analembanso tsiku lodzatenga: Loweruka, 14 Disembala. Ndinawafunsa kawiri ngati tsikulo linali lotheka, n'kuwauza kuti tikufuna kunyamuka Lamlungu pa 22, anthu asanachuluke m'magalimoto opita kumudzi. Anayankha akumwetulira kuti, "Amayi, masabata atatu ndi ambiri. Tiana titatu timeneti si ntchito ayi."

Pa 14 Disembala ndinapita ndi ana onse atatu kuti akayese, titakwera njinga ziwiri zonyamula anthu, zija zimene Chipata amadziwika nazo. Tinapeza nsalu yathu itadulidwa, zidutswa zake zitakulungidwa pamodzi n'kumangidwa ndi kansalu, koma singano isanadutsepo ngakhale pamodzi. Chifukwa chimene anapereka chinali magetsi. Magetsi analidi vuto chaka chimenecho, pakuti chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse chinatsitsa madzi m'nyanja ya Kariba, ndipo kwa miyezi yambiri magetsi ankabwera maola ochepa patsiku, kawirikawiri anthu atagona. Kwathunso tinkaphika pa mbaula, ndipo firiji inali itasanduka kabati yosungiramo mbale. Choncho ndinawamvetsa pamene ananena kuti makina a overlock akhala ali chete masiku ambiri.

Komabe nditakhala pabenchi paja ndikuyamwitsa, maso anga anaona zimene iwo sananene. Makina a Butterfly aja safuna magetsi, ndipo anali akulira osapuma, kungoti ankasoka nsalu za ena. Pansi pa tebulo panali matumba apulasitiki odzaza tho. M'menemo munali yunifolomu ya kwaya ya mpingo wina yofunika Khirisimasi isanafike, madiresi a operekeza mkwatibwi pa ukwati wa Loweruka lotsatira, ndi mulu wa mayunifolomu a sukulu amene makolo ochenjera amasoketseratu Januwale asanafike. Ndili pomwepo panafika anthu ena awiri ndi nsalu zawo, ndipo onse awiri anauzidwa kuti abwere pakatha sabata imodzi. Vuto lenileni la malowa lili pamenepa. A telalawa ndi munthu mmodzi wokhala ndi makina amodzi opalasa, koma m'Disembala amalandira ntchito ya anthu anayi, ndipo amene amathandizidwa msanga ndi amene wakhala pabenchi n'kumawayang'ana. Mayi woyang'anira zovala za kwaya uja ankabwera tsiku lililonse n'kukhala mpaka madzulo, zimene ine wogulitsa feteleza sindikanakwanitsa.

Lachitatu pa 18 ndinaimba foni kanayi osayankhidwa. Pambuyo pake ndinadzamva kuti foniyo imakhala m'thumba la jekete lopachikidwa mkati mwa sitolo, ndipo masiku ovuta magetsiwo inkakhala yozima. Kwa munthu wopanda ana ichi n'chaching'ono, koma kwa ine kusadziwa ngati zovala zatha kunkatanthauza kusambitsa ana atatu, kuwaveka, kulongedza phala la mzime ndi matewera, kulipira njinga popita ndi pobwera, n'kukamva pakhonde mawu amene akanatha kunenedwa pafoni m'kanthawi kochepa. Usiku wina sabata imeneyo, nditatha kutsuka mbale ndi nyali ya sola, ndinawerengera ndalama za njinga zimene zinali zitapita kale, ndipo zinali zitayandikira mtengo wa kadiresi ka mzime. Wachisamba naye anayamba kufunsa madzulo alionse ngati diresi lake lilikodi, mnyamata n'kumalira kuti akufuna kukagwirira agogo aja nsalu. Bambo awo anati mwina ndi bwino tingokatenga nsalu yathu tikapereke kwina, koma nsalu yodulidwa kale palibe telala amene amailandira Khirisimasi itatsala sabata imodzi.

Loweruka pa 21 tinapeza za ana awiri akuluakulu zitatha, za mzime zisanayambidwe. Poyesa panapezeka zolakwika ziwiri. Kolala ya malaya a mnyamata inali yothina, moti batani la pamwamba likatsekedwa ankatukula chibwano ngati nkhuku yomwa madzi, ndipo zipi ya diresi inali ndi mutu wakuthwa umene unkakanda mwana pamsana. Apa ndiyenera kuwayamikira, chifukwa sanatsutse ndipo sananene kuti mwana ndiye wanenepa. Anamasula kolalayo pomwepo, nadula ina pa nsalu yotsala, ndipo mtsikana uja anasokerera kansalu kofewa kuseri kwa zipi. Tinadikira pafupifupi maola awiri, mvula ikuwomba pakhonde, ine ndikutontholetsa ana ndi zitumbuwa. Ulendo wa Lamlungu unalephereka. Kadiresi ka mzime ndinakatenga ndekha Lolemba pa 23 nditaweruka, kunja kutada, iwo akukasita ndi nsimbi ya makala, mtsikana uja akuwaunikira ndi tochi ya foni. Anapepesa, ndipo anachotsa K30 pa ndalama yotsala ndisanapemphe. Tinanyamuka pa 24, tsiku limene aliyense wokhala ndi kwawo amakhala ali pasiteshoni, titapanikizana ndi matumba a shuga ndi mpunga, mtengo wa galimoto utakwera kale.

Malowo paokha si oyenera ana, ndipo makolo adziwiretu zimenezi. Khondelo lili m'mphepete mwa msewu wodutsa njinga zakapalasa ndi zamoto, palibe chimbudzi chimene kasitomala angalowe, ndipo mvula ikabwera ndi mphepo benchi imanyowa. Choopsa kwambiri ndi maphini. Tsiku loyesa lija ndinatsitsa mzime kuti awongole miyendo, ndipo nditangocheuka ndinamupeza atatola phini ya mutu wofiira, akupita nayo kukamwa. A telala ali ndi maginito amene amatolera nawo maphini akamaweruka, koma masana onse maphiniwo amangoti mbwee pansi. Nsimbi ya makala nayo imaikidwa pa njerwa, pamene mwana wongoyamba kuyenda angafikire mosavuta. Wobwera ndi mwana wosakwana zaka ziwiri asamutsitse kumsana.

Zovalazo ndizo zandichititsa kulemba. Usiku wa pa 23, ana atagona, ndinazitembenuza zonse kuti ndione mkati, monga anandiphunzitsira amayi anga kuti chovala chimadziwika kuseri. Misoko ya m'khwapa ndi ya pakati pa kabudula, malo amene amayamba kung'ambika, anaidutsa kawiri. Maluwa a chitenje anawakumanitsa bwino kutsogolo kwa malaya, moti mabatani akatsekedwa duwa limaoneka lathunthu, ndipo imeneyi ndi ntchito yodya nsalu ndi nthawi imene matelala othamanga sailabadira. Diresi la wamkulu analiika matumba awiri obisika m'mbali ngakhale sitinapemphe, ndipo mwanayo anakondwera ndi matumbawo kuposa diresi lenilenilo. M'chiuno mwa kabudula anasiya kampata kosasoka cha mkati, kuti lasitiki ikadzatha mphamvu ndidzaisolole n'kulowetsa ina popanda kumasula chiuno chonse. Nsalu ya mkati inali ya thonje, yosiyana ndi ija yoterera imene imatenthetsa ana n'kuwatulutsa totupa ta thukuta.

Kadiresi ka mzime, kamene kanachedwa kuposa zonse, ndiko kanasokedwa bwino kopambana. Popeza makina a overlock anali chete, anakasoka mwa njira yakale: msoko uliwonse anayamba ausokera kunja, naudulira m'mphepete, kenako anatembenuza nsalu n'kusokanso cha mkati, kotero kuti m'mphepete monse munabisika ndipo palibe ulusi wolendewera umene umakhudza khungu la mwana. Kumbuyo kanatseguka mpaka m'chiuno ndi mabatani atatu akuluakulu, oti munthu n'kumasula ndi dzanja limodzi lina litagwira mwana wolira. Ndinadzifunsa kuti ngati ntchito yotereyi imatheka popanda magetsi, nanga n'chifukwa chiyani pa 14 paja ndinauzidwa za magetsi. Yankho lake n'lakuti njira imeneyi imafuna kuti msoko uliwonse udutse pamakina kawiri, ndipo nthawi yochitira zimenezo ndi imene anali ataigawa kale kwa anthu ambiri.

M'munsi mwa madiresi onse awiri anapinda nsalu yokwana zala zinayi, ndipo m'mbali anasiya ya zala ziwiri, imene iwo amaitcha ya kukula. Nsalu yotsala anandibwezera yonse, yopindidwa bwino, mpaka tizidutswa tomwe, ndipo inakwana duku la amayi anga. Amene anasoketsapo akudziwa kuti nsalu yotsala siibwerera kawirikawiri kwa mwini wake.

Kulimba kwa zovalazi kunaonekera kumudzi. M'mawa wa Khirisimasi amayi anga analowa m'tchalitchi monga anafunira, duku lili kumutu, adzukulu atatu ali pambuyo, ndipo ukhondo umenewo unatha maola atatu okha. Pofika masana mnyamata anali atatsetsereka pa chulu chonyowa, wamkulu anali atadzaza matumba aja ndi mango akupsa, ndipo mzime anali atadzithira msuzi wa nkhuku ndi mpunga kuyambira kukhosi mpaka m'maondo. Dothi lofiira la kwathu kuno silichoka msanga, ndipo zovalazo zinachapidwa pamwala, mwamphamvu, monga amachapira kumudzi. Palibe msoko umene unatseguka, ndipo utoto sunalowerere pa nsalu yoyera ya mkati. Batani limodzi la malaya linathothoka mu Januwale, ndipo ndi lokhalo. Kuchokera nthawi imeneyo zavalidwa kutchalitchi pafupifupi Lamlungu lililonse, zinapita ku Nc'wala, mwambo wa Angoni, ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale, ndipo ngakhale mtundu wake wasuluka pang'ono, zikadali zoti mwana n'kupita nazo pagulu.

Mwezi uno wa Okutobala 2025 ndinabwererako ndi madiresi awiri aja, chifukwa wamkulu watalika moti maondo anayamba kuonekera. Ndinakhala ngati ndafika kwa telala wina. Foni anayankha nditangoimba, pansi pa tebulo panalibe matumba, ndipo pabenchi panali ine ndekha ndi ana. Anamasula mpendero ndikuyembekezera, ndipo pataoneka mzere wotuwa pamene panali popindika, anatsegula kope lija, napeza tsamba lathu la chaka chatha, kachidutswa ka nsalu kakadali pa phini, kenako anasankha riboni yogwirizana ndi mtundu wake n'kuisokerera pamzerepo, moti wosadziwa angaganize kuti inalipo kuyambira pachiyambi. Zonsezi sizinafike ola limodzi, ndipo analipiritsa K40. Ndinawakumbutsa za Disembala uja. Anaseka mwamanyazi n'kunena kuti munthu akabwera ndi nsalu m'manja, ana ali pambuyo, pakamwa pawo pamalemera kuti amubweze. Mwana wa mlongo wawo, amene ndinali ndisanamumvepo akulankhula mawu opitirira atatu, anayankha ali pamakina kuti, "Amalume, chaka chino kope ndisunga ndine."

Kwa banja la ana aang'ono limene makolo onse awiri amagwira ntchito, a telalawa ndingawavomereze pa luso, pa kukhulupirika ndi nsalu ya mwini, ndi pa kuleza mtima ndi ana, ndipo pa zimenezi sindinaonepo wowaposa mwa amene ndasoketsako m'tauni muno. Pa kusunga tsiku m'nyengo ya zikondwerero sindingawaikire umboni, ndipo amene ali ndi ukwati kapena ulendo wa tsiku lodziwika, akapereka nsalu Disembala atalowa kale, adziwe kuti adzafunika kukhala pabenchi paja kufikira atalandira. Nsalu ipite yochapa kale, ana akayezedwe asanamve njala, ndipo tsiku lowauza likhale lotsogola ndi masabata awiri pa tsiku lenileni la ulendo.

Nsalu ya chaka chino ndinaisiya tsiku lomwelo, yochapa ndi yosita. Mnyamata anaimanso pa mzere wa choko, ulendo uno osathawa, ndipo tepi inaonetsa kuti paphewa wakula ndi zala ziwiri. Mzime, amene tsopano akulankhula, anakana kuyezedwa mpaka nayenso atapatsidwa nsalu yoti agwire. Tsiku limene lalembedwa m'kope, ndi dzanja la mtsikana uja, ndi Loweruka pa 8 Novembala, ndipo za ulendo wa kumudzi sindinatchule n'komwe.